Kanyumba kosamalira okalamba komwe akukhala mayi aakulu: masana bwinobwino, usiku ndiye pali nkhani

Anzanga akuntchito ndi akutchalitchi akhala akundifunsa za malo omwe tinapititsako mayi aakulu, ena mwachidwi ena mondidabwa, nde ndati ndingolemba kamodzi. Ndiyambe ndi chigamulo changa kuti amene alibe nthawi asavutike kuwerenga zonse. Malowa ndi abwino kwa munthu wachikulire amene amatha kukhala tsonga, kudya yekha olo pang'onopang'ono, komanso kunena pamene pakumuwawa. Koma ngati m'bale wanu ndi wongogona, wofunika kumutembenuza ndi kumusintha usana ndi usiku, musapite nayeko ngakhale eni ake atakuuzani kuti tikwanitsa. Mtima ali nawo, manja ndi omwe akuchepa.

Dzina la malowa sinditchula chifukwa muli makolo a anthu ena komanso mayi anga akadali momwemo. Ndingoti ndi nyumba wamba ya mu fensi cha ku Area 49 ku Lilongwe, ya zipinda zinayi ndi boyizikota kuseri, anangoikonzakonza kuti ikhale yosungiramo anthu. Okalamba alipo 7, amayi 5 abambo 2. Eni ake ndi mayi wina nesi wopuma pantchito, sagona pompo koma kwawo si kutali.

Amene tinapititsako ndi achemwali awo a mayi anga ondibereka. Anali mphunzitsi wa pulayimale moyo wawo wonse, amuna awo anatisiya kalekale, mwana wawo mmodzi yekhayo ali ku Joni. Sitiroko inawagwira dzanja ndi mwendo wakumanzere, shuga ali nayo, BP ndiye osanena, kuonjezera apo ayamba kuiwalaiwala. Atapuma ntchito anabwerera kumudzi kwathu cha ku Nathenje ndipo zinkayenda mpaka pomwe anayamba kumadzuka pakati pausiku, kuvala bwinobwino nkumatuluka ati akupita kusukulu achedwa asembule. Nde mukudziwa kale zomwe anthu amayankhula akaona gogo ali panja 2 koloko usiku. Lamulo loletsa kunenera munthu ufiti lilipo kuchokera mu 1911, mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomerezanso lamulo loteteza anthu achikulire, a MANEPO, bungwe loona za ufulu wa okalamba, nawo amakhalira kudandaula pa wailesi za agogo omwe akumenyedwa ndi kuphedwa, koma zonsezo sizitseka pakamwa pa anthu pa mjigo. Mwana wa neba atadwala malungo tinamva kuti dzina la mayi latchulidwa, tinangopita kukawatenga sabata yomweyo.

Ndinayamba nkuwasunga kwanga ku Area 25. Ine ndimachoka mmamawa kubwera mdima, ana ali pasukulu, atsikana antchito ankabwera nkumachoka, ndipo sindiwaimba mlandu ayi, munthu wabwera kudzakolopa ndi kuphika iwe ukumupatsa ntchito yonyamula munthu wamkulu kupita naye kubafa. Amalume atamva za maganizo a malowa anayaka moto pa foni, ati mukufuna mukamutaye mlongo wanga, mbumba yonseyi yasowa pomusunga? Ndinangowayankha mwaulemu kuti amalume, ngati kwanuko kuli chipinda ndi munthu wowadikirira usiku ife tiwabweretsa mawa lomwe. Anangoti tiona. Mpaka lero akuonabe.

Tsono za malowo. Ulendo woyamba ndinapita osaimba foni, dala, ndipo anandilowetsa osazengereza, zomwe zinandipatsa mphamvu chifukwa kwina komwe ndinayeserako mlonda anandiimika pa geti ati mubwere mawa abwana akakhalapo. Chomwe ndinayamba kuyesa ndi mphuno. Munkamveka Jik ndi nyemba za pamoto, osati zopopera zija amabisira fungo la mkodzo. Ndinapempha kuona kubafa ndi kuchipinda ndisanakhale pampando. Pakhonde anaphwanya sitepe nkuika kamtsetse ka simenti koti wilicheya idutse, kubafa kuli chitsulo chogwirira kukhoma ndi mpando wapulasitiki, toileti ndi yokhalira. Thanki ya madzi ilipo kuseri moti mipopi ikauma iwo sasiya kuchapa. Koma pabalaza anasiya matailosi oterera aja, akangokolopa ine ndemwe ndimayenda mogwira khoma, ndanenapo kangapo ndipo yankho lake ndi loti nyumbayo ndi ya lendi, landilodi salola kuchotsa.

Jenereta kulibe. Magetsi akazima amayatsa timababu ta sola, kuunika kumakwana ndithu, koma filiji imazima. Kuli bambo wina amabayidwa insulin, mankhwala oti safuna kutentha, nde ndinaona amaika kabotoloko mu mtsuko wa mchenga wonyowa pakona pozizira. Nzeru yake ndi yakale ndipo imathandiza, koma munthu ukamalipira ndalama ngati zimenezi umayembekezera kuti olo kabatire ka filiji kangakhalepo.

Chomwe chandigwira mtima kwambiri ndi atsikana amasana. Alipo 3 kuphatikizapo wophika. Sikuti ndi manesi ayi, awiriwo anangophunzirako za chisamaliro cha odwala pakhomo, koma mmene amawagwirira agogowa ndimachita kusirira. Mmodzi wa iwo atamva kuti mayi anali mphunzitsi anasiya kuwaitana agogo, amawaitana aphunzitsi, ndipo onse anatengera. Anakatolera makope akale a ana ake nkugula bolopeni yofiira, nde mmawa akamwa phala amawaika pakhonde padzuwa nkuwapatsa mulu wa makope kuti aphunzitsi tatichongereniko. Abale, munthu amene kwanga ankangokhala ndwii kuyang'ana khoma, ndinamupeza wavala magalasi akukalipa kuti mwana uyu samu zogawa sakuzidziwa, kalembedwe ngoipa, abwereze. Dzina langa tsiku limenelo analisokoneza ndi la mayi anga koma 7 kuchulukitsa ndi 8 sanaphonye. Madzulo dzuwa likamapendeka ndi pomwe mutu umawasokonekera kwambiri, ndi mmene matenda oiwalawa amachitira, amayamba kusaka chikwama ati belu lalira. Ine kwanga ndinkalimbana nawo kuti mayi munapuma kalekale, iwo nkukwiya, nkulira, tonse osagona. Mtsikana uja amangoti aphunzitsi lero ndi holide, ahedi anena kuti tikumane Lolemba, bwerani mundithandize kusadzula nkhwani. Basi nkhani yatha. Zimenezi palibe anawalembera mu kontilakiti ndipo ndi zomwe zikundisungitsa pamalopo.

Kusamba amawasambitsa tsiku lililonse madzi ofunda, amayi amasambitsidwa ndi amayi, abambo awiri aja kumabwera mnyamata mmawa. Amatseka chitseko powasintha, kanthu kakang'ono koma kwa munthu amene anali ndi ulemu wake mmudzi si kakang'ono. Zikhadabo amawenga, tsitsi amawapesa. Ine ndikapita ndimapezerapo mwayi powadzoza mafuta kuti ndione kuzidendene, kumsana ndi mmatako ngati mwayamba kufiira, chifukwa zilonda za pabedi zimayambira mmenemo ndipo kwa munthu wa shuga chilonda sichipola msanga. Mpaka pano khungu lili bwino.

Chakudya ndi chapakatikati. Mmawa phala la mgaiwa lothira nsinjiro kapena likuni phala, 10 koloko tiyi ndi mbatata kapena buledi, masana nsima ya mgaiwa. Masamba sasowa chifukwa kuseri ali ndi kadimba ka mpiru ndi repu, nthawi ya dzinja bonongwe ndi chisoso. Usipa amausinja chifukwa ambiri mano anatha, mchere amathira pang'ono mumphika umodzi wa onse, tiyi wa mayi alibe shuga ndipo amazitsatira ndithu. Amene amaononga ndi ife alendo, munthu kubwera ndi Sobo ndi mabisiketi nkumagawira aliyense osafunsa. Chondidandaulitsa nchoti mwezi ukamapita kumapeto ndiwo zimangozungulira pa nyemba ndi soya pisesi, nyemba soya nyemba soya, nkhuku imaoneka Lamulungu basi, zipatso ndiye pokhapokha achibale mubweretse pomwe nthochi ndi mapapaya zili mbwee mumsika. China chomwe ndinalimbana nacho ndi nthawi ya chakudya chamadzulo. Amadya 5 koloko kuti amasana atsuke mbale asanaweruke, kenako palibe kanthu mpaka 7 mmawa. Mayi amamwa metformin ndi glibenclamide, ndipo wachiwiriyu amatha kugwetsa shuga kwambiri munthu akakhalitsa osadya, nde mungoganiza maola 14 mmimba muli gwaa. Nditafotokoza eni ake anamva msanga, pajatu ndi nesi, pano amawapatsa kakapu ka phala kapena mkaka cha mma 8 asanagone. Koma zinatengera ine kufunsa, ndipo sindikukhulupirira kuti mabanja ena anafunsapo kuti agogo awo amadya nthawi yanji.

Tsopano usiku. Amasana akaweruka pamatsala munthu mmodzi kuyang'anira anthu 7, osawerengera mlonda amene ali pa geti ndipo mnyumba salowa. Mmodzi. Mwa anthu 7 amenewo awiri ndi ovala mapampasi, mmodzi ndi wongogona, mayi anga ndi oyendayenda. Munthu wongogona amafunika kumutembenuza pakangotha maola awiri aliwonse, nde tandiuzani mtsikana mmodzi amene mwinanso masana ake anagwirizira shifiti ya mnzake amene wapita kumaliro, angakwanitse bwanji osagwa tulo. Nchifukwa chake ndanena poyamba paja kuti odwalitsitsa musapite nawoko.

Ife zinatigwera. Loweruka lina ndikuwadzoza mafuta ndinapeza chibalabala chakuda pantchafu mpaka mchiuno, nditagwira anakuwa. Kufunsa, akuti anagwa Lachitatu usiku popita ku toileti, wausiku anali chipinda china akusintha bambo wina, anangomva phuu. Anawadzutsa, mmawa eni ake anawaona nkuwapatsa panado. Ine osandiimbira. Kugwa sindinakwiye nako kwenikweni chifukwa olo kwanga anagwapo, chomwe chinandiwawa ndi kundibisira. Eni ake anati pepani mama, tinaona kuti ndi zazing'ono sitinafune kukuvutitsani kuntchito. Ndinati amayi, zazing'ono kapena zazikulu mundisiyire ndione ndine, inu mungoimba. Tinapita nawo kukajambulitsa tsiku lomwelo, mwamwayi fupa silinathyoke, koma aliyense amene anasungapo gogo akudziwa kuti fupa la mchiuno likathyoka pa msinkhu umenewu ambiri sadzukanso.

Kunena chilungamo, atalakwitsa sanakanire ndipo anasinthako zinthu. Bedi la mayi analidula miyendo kuti litsike, anaika mpando wa chibowo ndi ndowa pambali pa bedi kuti asamayende mtunda usiku, kababu ka sola kamakhala koyaka mpaka kucha, ndipo pa bedi lililonse anamangirira belu la njinga. Inde, la kabaza lomweli kkkk, koma likugwira ntchito, kupatula kuti mayi akalimva amati nthawi ya buleki yakwana. Anatsegulanso gulupu ya WhatsApp ya achibale moti pano olo chimfine timauzidwa. Koma wausiku akadali mmodzi.

Za mankhwala zili mmanja mwabwino. Eni ake amabwera mmawa uliwonse kuyeza BP nkulemba mu hadikava, munthu aliyense tsamba lake, ndipo ukapempha amakuonetsa osanyinyirika. Mapilisi amakhala mu kabati yokiya, aliyense kachigoba kake kolembedwa dzina, mabuku akuchipatala amasunga iwo. Koma kugula mankhwala ndi kwa inu achibale, timapepala toyezera shuga ndi inunso, mukapanda kugula sayeza. Galimoto pamalopo palibe. Zikavuta usiku amaimbira bambo wina wa takisi amene amadziwana naye, akapanda kuyankha amaimbira inu. Ndipo dziwiranitu kuti m'bale wanu akagonekedwa, kaya ku Central kaya ku Daeyang Luke kaya kwina kulikonse, gadiyani ndinu, iwo sapereka munthu wokagona ku wodi pomwe ndalama ya mwezi mukulipirabe yonse. Mafizo a dzanja ndi mwendo nawonso sali pa mtengo, ife tinapeza wathu amene amabwera pa sabata kamodzi ndipo atsikana aja anaphunzirako zina nkumawachititsa masiku enawo.

Mtengo sindilemba chifukwa pofika mwezi wamawa ukhoza kukhala wina. Chilowereni mayi wakwera kawiri, eni ake amati chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zinthu sizinakhazikikenso, ndipo poona mtengo wa mafuta ophikira ndi sopo sindingawatsutse. Chomwe sindinakonde ndi kauzidwe kake, meseji kubwera kutatsala sabata imodzi kuti mwezi uthe. Ndalamayo ndi ya malo ogona, chakudya, kuchapa ndi chisamaliro. Mapampasi, mankhwala, mafuta odzola, thiransipoti ya kuchipatala, zonsezo ndi zapadera, ndipo mukaziphatikiza zimatha kufika pafupi theka la ndalama ya mwezi ija, nde powerengera musangoyang'ana nambala yomwe akuuzani pa geti. Penshoni ya uphunzitsi payokha siikwana olo pang'ono. Ife timasonkherana, achimwene aku Joni amatumiza pa Mukuru, ine ndi mng'ono wanga timaonjezera. Kulipira ndi pa Airtel Money kapena Mpamba, lisiti amalemba pamanja. Ndikudziwa kuti agogo ambiri mdziko muno amene akudalira Mtukula Pakhomo malo ngati awa sangawalote nkomwe, ndipo ine ndemwe achimwene atasiya kutumiza miyezi iwiri yokha ndiye kuti mayi abwerera ku Area 25.

Mapepala ndinafunsa. Anandionetsa satifiketi yawo ya ku Nurses and Midwives Council ndi kalata yochokera ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kuboma. Inunso funsani, musachite manyazi, ndipo muone ndi maso osati kungouzidwa kuti zilipo. Kontilakiti ndiye yofooka, tsamba limodzi, sikunena kuti mukafuna kuchoka mupereke notisi ya masiku angati, dipoziti imabwezedwa bwanji, kapena munthu akamwalira pakati pa mwezi zimatha bwanji. Nkhani ya imfa ndi yovuta kuiyamba munthu ali moyo pakhonde pomwepo akuchonga makope, koma ndinaiyamba, ndipo tinalemba ndi bolopeni kuseri kwa pepalalo kuti woyamba kuimbiridwa ndani, thupi lipite kuti, tonse nkusaina.

Tina ndi tina. Zitenje zimasokonekera pochapa, lembani dzina pakona ndi maka, ine ndinapezapo agogo ena atafunda chitenje cha mayi cha Chigwirizano ndipo panali mlandu. TV imakhala yokweza ndipo nthawi zambiri ndi mafilimu okonda atsikanawo osati agogo, pomwe agogowo amafuna wailesi, nkhani za mmaboma ndi mauthenga a maliro. Mu Juni ndi Julaye nyumbayo imazizira koopsa, tengani juzi, masokosi, chipewa ndi bulangete lanulanu. Mu Okutobala kuchipinda kulibe fani. Maneti alipo pa bedi lililonse, ya mayi inali ndi kabowo ndinangogula ina. Za mapemphero ali omasuka, amayi a Chigwirizano amabwera kudzaimba nawo, a Katolika a mphakati amabweretsera anzawo ukalistia, kulinso agogo ena achisilamu amene nyama yawo amagula padera. Abambo awiri aja amakhalira bawo pansi pa mtengo wa mango, mmodzi amaba mnzake amaiwala kuti waberedwa, nde sakangana.

Alendo amaloledwa nthawi iliyonse mpaka madzulo, ndipo apa ndinene chinthu chomwe mwina eni ake sangakonde. Agogo amene abale awo amabwerabwera amaoneka mosiyana ndi amene abale awo amangotumiza ndalama pa foni. Sikuti ena amazunzidwa ayi, sindinaonepo munthu akukalipiridwa kapena kumenyedwa, koma manja akachepa amayamba kuthamangira komwe kubwere funso. Kuli agogo ena ochokera ku Ntchisi, bilu yawo siichedwa olo tsiku limodzi, koma chifikireni ine sindinakumanepo ndi m'bale wawo, aliyense wolowa pa geti amamufunsa ngati wadzera ku Mponela. Juzi yawo inang'ambika pachigongono mpaka inasokedwa ndi mng'ono wanga. Nde ngati mukuganiza zopititsa kholo lanu kumeneku kuti mupume kuyendera, malowa sakuthandizani. Ine ndimasinthasintha, pena Loweruka masana, pena ndikaweruka mkati mwa sabata, pena mmamawa ndisanakwere minibasi ya ku tauni, chifukwa 6 koloko mmawa ndi pomwe umaona ngati munthu wagona pouma kapena ponyowa.

Pakadali pano mabanja tagwirizana zokumana kumapeto kwa mwezi uno kuti tikambe zoonjezera kandalama pang'ono aliyense, alembe munthu wachiwiri wausiku. Eni ake avomera, akuti mabanja 5 akalola iwo ayamba kusaka munthu. Tavomera ndife atatu, awiri akuti aganize kaye, a ku Ntchisi aja foni sakuyankha. Zikakanika mvula isanayambe ndiyamba kuyang'ana kwina, ngakhale zindiwawa kuwachotsa mayi pakhonde paja, kapena ndilemba wanga woti azikagona nawo kuchipinda ngati eni ake angalole.